Makhirisimasi Atatu a Mayi Harriet Sakala

Malemu mayi Harriet Sakala, amene ku msika wa Chisokone mumawadziwa kuti bana Collins, kutanthauza amake a Collins, anabadwa pa 14 Juni 1959 konkuno ku Mindolo, m'banja la bambo Gershom Njobvu a ku Katete, amene anadzagwira ntchito mu mgodi. Ine wowerengane ndine Masauso, mlongo wawo. Ambiri simukundidziwa. Ndakhala ku Mangalande zaka 26.

Sukulu analekezera Giredi 7 mu 1973 kuti ine ndipitirize. Mu 1979 anamanga ukwati woyera ndi bambo Pius Sakala. Bambowa atachotsedwa ntchito mu 2000, malemu anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Mabelo ankasenza okha. Loweruka lililonse ankakolopa m'tchalitchi chogwada. Mindolo amene ndinamusiya ine, wa misewu yosalala ndi maluwa pakhomo, anatha iwo akuona, ndipo mawondo awo anathera limodzi naye.

Mu Ogasiti 2022 nyamakazi inakula. Madokotala ku Ndola atajambula anapeza kuti mafupa a bondo lakumanja akukhulana okhaokha, moti kungopala m'kati sikukanathandizanso. Njira zinatsala ziwiri: kulumikiza mafupawo kuti mwendo usapindikenso, kapena kuchotsa bondo lowonongekalo n'kuika lachitsulo. Yoyambayo malemu anaikana uku akuseka, ati ku Misa azikaima njo ngati msilikali anzawo atagwada? Anasankha lachitsulo.

Chinatsala n'kusaina basi. Adokotala anawauza kuti dzanja lawo lomwelo likwanira. Koma kwathu mpeni sukhudza munthu wamkazi mwini mbumba asanavomere, ndipo mwini mbumbayo ndine. Bambo Sakala anati iwo ndi mkamwini chabe, zikavuta akayankha chiyani ku Katete? Ana anati amalume alipo. Anandiimbira. Ndinayankha kuti nkhani yotere si ya pafoni, adikire, ndibwera pa Khirisimasi.

Khirisimasi inadutsa katatu. Kawiri konse dzina lawo linafika pamwamba pa mndandanda wa opaleshoni, kawiri konse malo awo anapatsidwa wina. Abale anga, ine kumeneko ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Agogo a zaka 80 oikidwa bondo lomweli ndawayendetsa ndi manja angawa, ndipo palibe mmodzi anayamba wafunsa mlongo wake. Inunso munali pano. Munkawaona akukwawa popita kubafa. Ulemu wanu unali waukulu zedi: palibe anandikalipira, palibe anawapatsa cholembera.

Pa 9 Malichi 2025 bondolo linawagwetsa pakhonde, nathyoka fupa la m'chiuno. Atagona masabata asanu ndi awiri, chibayo chinalowa. Anatisiya pa 28 Epulo ali ndi zaka 65.

Asiya amuna awo bambo Sakala, ana atatu, Collins, Beauty ndi Racheal, komanso adzukulu asanu ndi mmodzi. Tikuthokoza bambo mfumu, amayi a Mphakati amene ankawasambitsa, ndi amayi a pamsika amene ankawasungira malo. Mwapadera tikuthokoza Racheal, amene anasiya banja lake ku Pamodzi kudzawatembenuza pabedi. Mwabombeni nonse, mwagwira ntchito.

Dzana ku mochale anafuna wachibale woti asaine kuti thupi lituluke. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinasaina. Sizinatenge ndi miniti yomwe.

Alongo anga, ndabwera. Mzimu wanu uuse mu mtendere, kumene simudzadikiranso chilolezo cha munthu.