Kuno Ufa Umakhala Pansi

Okonza pulogalamu, landirani moni wanga. Ndine mnyamata wokulira m'mphepete mwa Shire. Chaka chino ndalowa m'nyumba yanga yoyamba ku Ngabu, komwe ndimapalasa kabaza.

Nditangolowa, ndinapachika ufa, bulangete ndi zovala kudenga, monga timachitira kwathu poopa madzi osefukira. Eni nyumba, mayi wachikulire, atasuzumira anaseka: "Mwana wanga, tsitsa katunduyo! Kuno n'kumtunda, Shire safika."

Ndinatsitsa mwamanyazi, koma mtima unathamangira kwa amayi anga, amene anakana kusiya dimba lawo kuti tidzakhale limodzi. Tsopano mitambo yayamba kuda.

Amayi, ngati mukumvera, chonde bwerani mvula isanagwe. Mphasa yanu ndagula kale. Kuno ufa umakhala pansi.