Galu amene ndinkafuna kupha

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine si munthu wa mawu ambiri, koma lero ndiloleni ndikuuzeni za mwana wanga Tadala, amene analumidwa ndi galu, ndi za mkwiyo umene ndinayenda nawo.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo yokumba mtedza. Ndinali kusukulu kufupi ndi Guilleme, kumene ndimaphunzitsa ndi kutsogolera ana a sikauti. Tadala akupita kumjigo, galu wa aneba athu, a Jabesi, anamugwira pakatumba n'kumung'amba. Mayi ake anatsuka balalo ndi sopo, ine n'kuthamangira naye kuchipatala panjinga. Anamubaya jakisoni woyamba wa chiwewe, koma anati otsatirawo atha ndipo sakudziwa kuti abwera liti. Nesi anandifunsa ngati galuyo analandirapo katemera. Yankho ndinkalidziwa.

A Jabesi amasaka nyama ndi agalu atatu. Amawamana chakudya dala kuti azilusa, ndipo a zaziweto akabwera ndi katemera amawatsekera m'nyumba, amvekere galu wobayidwa amafatsa, sasakanso. Nditawapitira sanadzuke n'komwe pampando.

"Aphunzitsi, musakokomeze," anatero. "Mumete ubweya wake, muwotche, mupake pabalapo. Ifetu tinakula choncho."

Pofika madzulo galuyo anali atamuzembetsera kwa mlamu wawo cha ku Mkanda.

Abale, munthu wa chiwewe amaopa madzi. Choncho Tadala akatenga kapu, ine ndinkasiya zonse n'kumamuyang'ana pakhosi. Mapemphero anga sanali okoma. Ndinkati, Ambuye, zimene ndikuonazi a Jabesi azionenso pakhomo pawo. Kenako ndinanola nkhwangwa, kuimangirira pakaliyala, n'kuuyatsa wa ku Mkanda. Ndinkafuna kukawaponyera mutu wa galuyo pakhonde.

Ndinamupeza atamangidwa kuseri kwa chigafa cha fodya, nthiti zili pamtunda. Pambali pake panali mayi wina wachikulire amene sindinkamudziwa. Anali Mayi Nangondo, amene anapuma ntchito ya zaziweto ndipo amasunga agalu otayidwa m'makola kuseri kwa nyumba yawo ku boma. Mlamu uja anachita mantha ndi galuyo n'kuwaitana.

"Bambo, tsitsani nkhwangwayo," anatero. "Mukamupha lero mtima uphwa, koma mudziwa bwanji za mwana wanu? Galu wa chiwewe satha masiku khumi ali moyo. Ndisiyireni ndimusunge, tione."

Ndinatsitsa nkhwangwayo. Mayiwa anaimbanso foni uku ndi uku mpaka anatipezera majakisoni otsala aja kuchipatala china.

Masiku amenewo ndinkapita kukaima pakhola limene Mayi Nangondo anamutsekeramo galu uja. Ndinkadana naye galuyo, koma ndinkapempherera moyo wake, pakuti moyo wake ndiwo unali uthenga wa moyo wa mwana wanga. Pemphero lowawa chotero sindinalipempherepo. Galuyo ankadya, ankamwa madzi, ndipo atakhuta anayamba kugwedezera mchira munthu amene anamubwerera ndi nkhwangwa. Masiku aja atakwana, Mayi Nangondo anati, "Uyu alibe chiwewe. Inali njala ndi ndodo basi. Pitani mukagone tulo."

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika mayiwa kuseri kwa chigafa ine ndisanafike. Tadala anachira, chipsera chokha ndicho chatsala. Inu amene mwana wanu ali m'mavuto chifukwa cha kuuma mutu kwa munthu wina, limbani mtima. Lirani kwa Mulungu ngakhale ndi mawu aukali, koma dzanja lidikire.

Ndisakunamizeni, a Jabesi sanapepese, ndipo ine mtima sunazizire. Kubwezera ndinkakufunabe, koma Ambuye anandionetsa njira ina. Mwana wamwamuna wa a Jabesi, Yohane, ali m'gulu langa la sikauti.

Masiku khumi aja atatha, ndinasonkhanitsa gulu lonse, tinapita kwa Mayi Nangondo. Anawo anasesa makola, anasintha madzi, anachotsa nkhupakupa, ndipo anaphunzira kuti galu wolusa akakuonetsa mano sumuthawa, umaima chilili. Anamva chifukwa chake galu amafunika katemera chaka chilichonse. Pomubaya galu uja, amene anamugwira mutu anali Yohane.

Pobwerera ndinadzera dala pakhomo pa a Jabesi, gulu lonse lili m'mbuyo mwanga. Yohane anali patsogolo ndi galuyo pachingwe.

"Ababa, wabayidwa uyu," anatero. "Awiri otsalawo ndiwatenga Loweruka. Ndipo kuyambira lero wowapatsa chakudya ndine."

A Jabesi anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa. Ndinawavulira chipewa, ndinati, "Mwaswera bwanji, aneba?" ndipo ndinapitirira.