Mbiri ya Mayi Pyo Sun-deok, Amene Mzinda Unati Alibe Abale

Amene tikuwaika m'manda lero ndi mayi Pyo Sun-deok. Anabadwa mu 1952 m'mudzi wa alimi a mpunga kufupi ndi Gimje, omaliza m'banja la ana awiri. Ine amene ndikuwerenga ndine Ariunzul, malemu ankanditchula Zulaa, kwathu ndi ku Darkhan ku Mongolia, ndipo ndine mmodzi wa ana amene malemuwa anawalera. Abusa Seok anandipempha kuti ndilembe mbiriyi chifukwa panalibenso wina. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mawu ena akapotoka mundikhululukire. Koma zaka ndi masiku ndafufuza, n'zoona.

Malemu anaphunzira mpaka kalasi yachisanu ndi chimodzi. Bambo awo anati sukulu apitirize ndi mchimwene wawo, iwo azithandiza kumunda. Ali ndi zaka 16 anapita ku Seoul kukasoka malaya mufakitale, ndipo akaweruka ankaphunzira ntchito yothandiza anamwino mpaka anatenga pepala lake.

Mu 1977 anakwatiwa ndi bambo Ham Yong-tae, oyendetsa basi. Banjali linakhala zaka zisanu zokha. Bambo Ham anamwalira ndi chifuwa chachikulu, mwana asanabadwe ngakhale mmodzi. Maliro atatha, apongozi awo anawaikira chikwama pakhomo. Sanakwatiwenso. Anayamba kupemphera pa mpingo wina waung'ono pafupi ndi chipatala chimene ankagwirako ntchito, ndipo kumeneko ankaphika, kukolopa ndi kusambitsa okalamba kwa zaka 14.

Mu 1996 bungwe la mishoni linawatuma ku Darkhan, ku nyumba yolerera ana amasiye ndi otayidwa. Anakhalako zaka 21. Ntchito yawo pa pepala inali ya zaumoyo. Ntchito yeniyeni inali kupesa nsabwe, kuthira malasha pamoto, kusintha zofunda za ana okodzera pogona, ndi kusokerera magolovesi athu ku chingwe chodutsa m'manja mwa jekete kuti tisamataye. Nyengo yozizira ngakhale imodzi sinathe mwana wa m'nyumba ija ataduka chala ndi chisanu. Ana a m'makomo oyandikana nafe zinkawachitikira. Izi ndikunena chifukwa zolembedwa za mishoni sizinena.

Chimongoliya chawo chinali choseketsa mpaka tsiku lomaliza. Tinkawayeseza kumbuyo, iwo n'kutembenuka: "Sekani, sekani, agalu inu. Mukamaliza kuseka mbale zikudikira." Mafuta a nkhosa sanawazolowere. Ankawapatula m'mbale mwawo n'kupatsa mwana amene waonda kwambiri sabata imeneyo. Zithunzi zotumiza kwa othandiza nyumbayo ankajambula ndi iwo, ndiye iwowo samaonekamo. Chithunzi chimene mukuchiona pabokosipa tachikulitsa kuchokera pa chitupa chawo.

Tsiku lobadwa la mwana aliyense ankaphika msuzi wa ndere za m'nyanja, monga amachitira kuno kwawo. Ife, ana a dziko lopanda nyanja, tinkati ndi udzu woterera. Wina akati, "Aphunzitsi, ine si ng'ombe," iwo ankayankha, "Ng'ombe imathokoza. Meza." Ana amene tsiku lawo lobadwa silinkadziwika, malemu ankawasankhira, n'kulilemba, n'kukhala lomwelo.

Mwamva ndikuti Aphunzitsi. Mishoni inali ndi malamulo awiri amene muyenera kuwadziwa kuti mumvetse moyo wa malemuwa. Loyamba, wantchito asatchedwe mayi, chifukwa tsiku lina adzachoka. Lachiwiri, wantchito akachoka asalembere kapena kuimbira ana, kuti anawo azolowere amene walowa m'malo. Malamulowa analembedwa ndi anthu ofuna zabwino. Antchito ena ankawaphwanya mwakachetechete. Malemu sanaphwanyepo lamulo chibadwire.

Ine ndinafika kumeneko mu 2004 ndili ndi zaka zisanu. Mu 2016 ndinatenga mimba ndili m'kalasi ya khumi, ndipo sukulu inathera pomwepo. Malo anga m'nyumba ija anathanso. Malemu sanandilalatire, sanandilalikire. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Zulaa, ndiwe wopusa. Nsapato zako zachisanu zili kuti?" Anandipezera chipinda chokhala ndi mbaula yabwino kwa mayi wina wa mumpingo. Nditabereka Misheel, anabwera masiku 21 otsatizana atanyamula poto wa msuzi uja, umene kuno amapatsanso mayi wobereka kumene, mu jekete kuti usazizire. Ndinkadya, chifukwa ankaima pomwepo mpaka mbale iyere.

Mu Ogasiti 2017 anakwanitsa zaka zopumira ndipo mishoni inawabweza kuno. Anatsanzika mwachidule, ngati akupita kumsika. Tinadikira kalata. Sinabwere. Ife tinati, basi, inali ntchito chabe, atiiwala. Ena anakwiya kwambiri moti mpaka lero safuna kumva dzina lawo. Inenso ndinakwiya zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuno anapeza mchimwene wawo anamwalira kale, mpingo wawo wakale unasamuka, ndipo msewu umene ankakhala unasanduka nyumba zosanjikizana. Anapeza kachipinda kamodzi ku Iksan. Ankapita kutchalitchi cha Abusa Seok, n'kukhala mpando wakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Agogo Yeom, oyandikana nawo, amene akhala apowo, anandiuza kuti kwa zaka zonsezo sanaonepo mlendo akugogoda pakhomo paja.

Mu 2023 ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yochapa nsalu za m'zipatala. Misheel ndinamusiya ndi mnzanga Oyuna amene tinakulira limodzi. Mwanayo ndimamuimbira foni tsiku lililonse, ngakhale alibe chonena. Tsiku lina ndikudula foni ndinadzifunsa kuti munthu angathe bwanji kusaimba, ndipo ndinafuna kukawafunsa malemuwa pamaso. Ku ofesi ya mishoni anati adiresi ya wantchito sapatsa ana. Ndinati, "Mwana wake uti? Ndili ndi mwana wanga wa sitandade 2." Ndinapitako masiku atatu opuma, ndi chakudya changa m'kabokosi, n'kukhala pabenchi mpaka kutseka. Tsiku lachitatu mayi wina wa muofesimo anandiponyera kapepala ka adiresi m'chikwama osandiyang'ana.

Ndinawapeza mu Novembala chaka chatha. Anatsegula chitseko, ataonda, tsitsi lonse mbuu. Mawu awo oyamba anali akuti, "Zulaa, wabwera wopanda chipewa?" Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma ndinangoti, "Bwanji simunalembe?" Anati, "Lamulo." Ndinati, "Lamulo la chaka chimodzi kapena la moyo wonse?" Anati, "Sanandiuze kuti limatha liti. Ndinkati mukakula mudzalemba ndinu." Ndinati, "Tilembe kuti, Aphunzitsi? Kumwamba?" Anakhala pansi. Sankadziwa kuti adiresi yawo sitinapatsidwe. Zaka zisanu ndi ziwiri ankaganiza kuti ana 143 onse anasankha kukhala chete.

Pakhoma panali kalendala yodzaza mayina athu. Tsiku lobadwa la aliyense ankaphikabe msuzi uja n'kudya okha. Ana 143, ndiye kuti pafupifupi tsiku lachitatu lililonse. Agogo Yeom anandiuza kuti, "Ine ndinkati mayiyu wapenga ndi ndere. Ndinkamuuza kuti, iwe, ukabereka liti kuti tipume fungoli?"

Nthawi imeneyo n'kuti akudwala kale khansa ya kapamba, osauza munthu. Tsiku langa lopuma lililonse ndinkakwera basi kupita nawo kuchipatala, kuwachapira ndi kuwadula zikhadabo. Ndinauza anzanga a ku Darkhan. Ena anaimba, malemu n'kumawafunsa za mano ndi za nsapato za ana awo. Ena anati mochedwa. Sindiwaweruza, ndipo inunso musawaweruze. Malemu anamwalira Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, nthawi ya chakudya chamasana, ali ndi zaka 72. Ine ndinali pa makina ochapira. Panalibe aliyense pambali pawo.

Thupi lakhala m'chipinda chozizira masiku 19, ndipo muyenera kudziwa chifukwa chake. A mzinda anafufuza abale n'kupeza mwana wa mchimwene wawo. Iyeyo anasaina pepala lokana thupi. Anati azakhali akewo anawaonapo kawiri moyo wake wonse, ndipo sananame. Zikatero munthu amalembedwa kuti alibe abale, amawotchedwa popanda mwambo, phulusa n'kuikidwa pashelefu ndi nambala. Ndinapita ku ofesi ya mzinda. Mlembi anandifunsa, "Inu ndinu ndani wawo?" Ndinati mwana wawo. Anati, "Pepala?" Ndinalibe. Ndinabwerera ndi makadi a kuchipatala amene ndinkasaina, kalata ya Abusa, ndi kalendala ija nditaipinda. Anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mayi, malo a mwana sindingalembe. Pali malo a wowadziwa." Ndinati, "Lembani chimene mukufuna, bola mundipatse thupi." Ndiye m'mabuku a mzinda uno ndine wowadziwa. Sizikundipweteka. Thupi ndi ili, ndipo likulowa m'nthaka ndi dzina lake.

Ndikuthokoza mpingo chifukwa cha malo ano, ndi anzanga awiri a kochapira amene asinthana nane masiku. Tabwera anthu asanu ndi anayi. Ndawerenga.

Tsopano pali nkhani imodzi yotsala, ndipo ndiinena pano chifukwa sitidzakumananso tonse. Manda a kuno amafuna munthu womweta udzu chaka chilichonse chikondwerero cha zokolola chisanafike. Manda osamwetedwa aliyense wodutsa amadziwa kuti mwini wake alibe munthu. Chilolezo changa chogwira ntchito chitha chaka chamawa, ndipo ndidzabwerera kwa mwana wanga. Chaka chino ndi chamawa ndimweta ndine. Agogo Yeom anadzipereka, koma maondo awo sangakwere phiri lino, lero tachita kuwanyamula. Ndikufuna munthu mmodzi wa miyendo yabwino. Ndi ntchito ya theka la tsiku, chikwakwa ndigula ndine n'kuchisiya kwa Abusa. Pepala ndi cholembera zili m'thumba mwangamu, ndipo basi yanga ndi ya 4 koloko.

Malemu mayi Pyo Sun-deok asiya mwana wa mchimwene wawo mmodzi, amene sanabwere. Asiya oyandikana nawo mmodzi, Agogo Yeom. Asiya ana 143 amene anawalera: asanu ndi mmodzi anatsogola kale, khumi ndi atatu sitikudziwa kumene ali, makumi anayi akumvetsera pa foni iyi ndaiika pamwalayi, ndipo mmodzi waima pano. Asiya adzukulu 58 amene tawapeza mpaka dzulo, mmodzi wa iwo ndi Misheel, amene anamunyamula ali ndi tsiku limodzi.

Agwira ntchito yokwanira. Apumule tsopano, mu mtendere wa Ambuye amene anawatuma.