Msilikali wa Chipewa cha Buluu

Pamsika wa ku Kachulu, bambo wachikulire ndi mayi wina anagwira chidole chimodzimodzi pamulu wa kaunjika.

"Mayi, ndisiyireni msilikaliyu, chonde."

"Aa, bambo, imvi zonsezi mukuseweretsabe zidole? Tengani wobiriwirayo."

"Obiriwira ndili nawo ambiri, akhaki asanu. Ndinawandandalika pathireyi ya mchenga ngati ali pa perete. Wa chipewa cha buluu ndiye ndakhala ndikumusowa."

"Osangopaka penti ya boti bwanji?"

"Ndinayesa, inachoka. Mwana wanga Shaibu ankavala chotere ku Congo. Anabwera m'bokosi lokhomera, nkhope yake sitinaione."

Mayi uja anachotsa dzanja.

"Pepani, bambo. Ndiye mukamuimika pati?"

"Kutsogolo, ayang'ane kunyanja. Ankati akadzapuma usilikali adzagula boti."