Anafufuta fulashi yanga osayang'ana

Omvera anzanga, ndine mtsikana wa Fomu 4 kuno ku Mulanje, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa.

Ndinapita kushopu ina pa Chitakale kukasindikiza manotsi a chaka chonse amene ndinkasunga mu fulashi. Abambo a pashopupo analowetsa yanga mu kompyuta, kenako yawo imene ankafuna kufufuta. Mu kompyutamo, yawo imaoneka pa chilembo E masiku onse, koma tsikulo E inali yanga chifukwa ndi imene inayamba kulowa. Sanatsegule n'komwe. Anangofufuta.

"Bambo, manotsi anga ali kuti?"

"Iwe, usandisokose! Yalakwitsa ndi kompyuta."

Mayeso ayandikira. Ndikukopera pamanja kwa anzanga, ndipo ndikhoza ndithu. Koma inu bambo, ngati mukumvera, kompyuta sinalakwe. Munachita ulesi kuyang'ana, ndipo ngakhale kupepesa kunakukanikani.