Deti Lachiwiri

— Halo? Achimwene a Bashiri?

— Raisa, mlongo wanga! Salaam aleikum.

— Waaleikum salaam. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Alamu ali bwanji?

— Alipo. Nanga ana kumeneko?

— Akusewera. Ndamva wayambiranso ntchito kukiliniki.

— Ndayamba Lolemba. Kukhala m'nyumba kumangondichulutsira maganizo. Halo? Mukundimva?

— Netiweki ya ku Penhalonga imeneyo! Tulukako panja.

— Ndatuluka. Ndili ndi funso la kompyuta, eyataimu ndi yochepa. Inu kuntchito kwanu ku Feruka mumagwira za database, eti?

— Tsiku ndi tsiku. Yavuta ndi chiyani?

— Yathu ino ya ana a sikelo imawerengera yokha msinkhu wa mwana. Imachita bwanji?

— Aa, zosavuta. Pali fomula yotchedwa DATEDIFF. Umaipatsa madeti awiri, loyamba tsiku lobadwa, lachiwiri lalero, kenako umaiuza kuti ikuwerengere masiku, miyezi kapena zaka.

— Ndiye tsiku lililonse kukacha mwana amakula?

— Eya, chifukwa lalerolo limasintha lokha.

— Nanga ndikafuna kuti aleke kukula?

— Aleke bwanji? Wasamukira kukiliniki ina?

— Ayi.

— Chabwino, pamalo pa lalero ikapo deti lokhazikika, iwerenga n'kuimira pomwepo. Ukuona pamene palembedwa...

— Ndikupadziwa. Ndakhala ndikupayang'ana chibwerereni m'mawa.

— Ndiye chavuta n'chiyani?

— Lero ndimatulutsa mayina a ana ofunika katemera wa chikuku. Amene akwanitsa miyezi isanu ndi inayi.

— Eya?

— Latuluka la Ismail.

— Ismail wathu?

— Mwana wanga, achimwene. Tinamuika m'manda asanayambe n'kukhala komwe, koma kompyuta ikuti wakula, abwere adzabayitse. Pafoni ya mayi wake palembedwa nambala yanga. Ndimayenera kudziimbira ndekha.

— Inna lillahi... Raisa, palibe anatseka fayilo yake muja unali kunyumba?

— Anzanga ankaopa kuigwira. Akuti ankadikira ine.

— Usalire poyera, mlongo wanga. Pita ukakhale pansi. Deti limene anatisiya lija ndikulidziwa, ndikuuza manambala, iwe uzingodina.

— Nanenso ndikulidziwa! Ndalilemba kawiri, kawiri konse ndafufuta. Zala zikukana.

— Basi usaligwire. Ndikaweruka ndikwera kombi, ndidzalemba ndine.

— Musabwere.

— Chifukwa?

— Ndikanakhala naye, bwenzi pano akukwawa. Akugwira miyendo ya tebulo, akundigwetsera makapu. Kwina konse anasiya kukula, achimwene. Kunyumba ngakhale bambo ake satchula dzina lake. M'kompyutamo mokha ndi momwe akukula.

— Raisa, kompyuta sidziwa kanthu. Ikungochotsera deti lina ku linzake.

— Ndikudziwa. Sindinapenge. Ndinangofuna ndidziwe polemba pake, tsiku limene ndidzathe.

— Ndiye udzatha liti?

— Mulekeni ayambe wakwanitsa chaka.

— Mlongo wanga, tamvera...

— A sisita akundiitana, azimayi adzadza pasikelo. Mupereke moni kwa alamu.

— Dikira kaye, Raisa!

— Ana a eni ake akulira, achimwene. Tsalani bwino.