Chishango cha Injiniya

Injiniya, amene dzinali anadzipatsa okha, anapanga chishango cha pachifuwa pomata timalata ta aluminiyamu ndi nsalu za ulusi wagalasi, china pamwamba pa chinzake. Ogula anali m'njira kudzaona mwini wake atachivala, mlamu wa Injiniyawo akuchimenya ndi hamala.

"Mukamenye ndi mphamvu zonse, alamu," anatero Injiniya akumanga malamba. "Asati tagwirizana."

"Zonse?"

"Zonse. Lata ndi ulusi zikagwirana, nkhonya imamwazikana ngati mphekesera. Timalatati munatikwecha ndi sandipepa musanapake guluu, eti?"

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Munati aliyense wokanda aluminiyamu wanu aone msana wa njira."

"Ndinkanena kunja kwake."

"Lata lililonse lili ndi kunja kuwiri, alamu. Ndinalitembenuza, ndinaona."

Injiniya anakhosomola. "Palibe kanthu. Guluu wanga amagwira ngakhale pagalasi."

"Nanga papolishi?"

"Polishi wanji?"

"Munati chiwale mpaka ogula adzione nkhope. Ndinapaka kalikonse, uku ndi uku. Kenako guluu."

"Mkati mukaone nkhope ndani?"

"Nanenso ndinadabwa. Koma wophunzira ndinu."

Injiniya anagogoda chishangocho ndi chala. Chinalira ngati chitini chopanda kanthu, ndipo ngodya ina inayasama.

"Chayasamula," anatero mlamu.

"Sichinayasamule. Ndi luso limenelo. Zigawo zikamamatuka zimamwa mphamvu ya hamala. Mabuku amanena."

"Ooh. Ndiye kumatuka n'kwabwino?"

"Pang'ono. Pa nthawi yake."

Lata lakutsogolo linatsetsereka n'kugwera pa nsapato za Injiniya. Ulusi unalendewera ngati ndevu za mbuzi.

"Lamatukiratu hamala isanafike," anatero mlamu akulitola. "Changu chake ichi. Nanga mphamvu ija imwedwa ndi chiyani tsopano?"

"Pali zigawo zina zinayi."

"Zitatu. China chili pabondo panupo."

Panja panaima galimoto ya ogula aja, zitseko n'kumenyetsedwa. Mlamu analavulira m'manja, n'kunyamula hamala.

"Alamu," anatero Injiniya motsitsa mawu, "mlongo wanu akadali wamng'ono. Umasiye sungamukhale."

"Ndiye ndimenye pang'ono?"

"Aziti tagwirizana."

"Ndimenye kwambiri?"

"Iyayi. Tulukani mukawauze kuti Injiniya adwala mwadzidzidzi. Chifuwa."

Mlamu anaganiza kaye, akuyang'ana hamala, akuyang'ana nthiti.

"Mukundidziwa, alamu, ine bodza ayi. Imani bwinobwino ndimenye kaye, kenako ndikawauze."